Kamoto ka pa Wotchi ya Obse

Dubai, 6 Sepitembala

Wokondedwa mng'ono wanga Obse,

Landira moni kuchokera kwa ine mkulu wako Kulani. Amayi ali bwanji ndi msana wawo uja? Amalume a Dhaba akadakanganabe ndi wailesi? Kuno ndili bwino, kungoti kutentha kwake nkhuku ikhoza kuikira dzira lophikaphika.

M'kaphukusi kamene akupatse mayi Zemzem muli foni ndi wotchi yakuda. Usawalole amalume kuivala popita ku maliro. Si yoonera nthawi chabe. Ukaivala pothamanga imalemba mtunda, liwiro ndi njira yonse imene wadutsa, n'kuuza foni. M'fonimo ndaikamo apu ya othamanga. Ndakutsegulira ndine, ndipo nambala yachinsinsi ndasunganso ndine, poti iwe ndi mutu wakowo ungaiwale lisanalowe dzuwa.

Tsono tchera khutu. Apuyi imapereka mapointi. Ukathamanga mtunda wautali imakupatsa, ukathamanga mwaliwiro imakupatsa ochulukirapo. Koma mwini nkhani ndi kamoto. Pakona pamayaka kamoto kofiira, ndipo ukamathamanga tsiku ndi tsiku osajomba kamakula, n'kumachulukitsa mapointi ako. Ukangojomba tsiku limodzi kamazima, zimene kanakuunjikira zimapita, uyambirenso pansi. Kampani ina ya nsapato yalengeza kuti atsikana atatu a m'chigawo chathu amene adzakhale pamwamba pa 31 Disembala idzawatengera ku kampu ya ku Sululta. Kumeneko kuli chakudya, pogona, nsapato, kenako mpikisano wa kunja. Palibe woti umugwadire, palibe woti achite kukudziwa dzina la bambo ako. Ndi miyendo yako basi.

Ukudziwa kuti madamu amene ndimawagwirira ntchito anandilanda simu n'kuchotsa zonse zolankhulirana m'foni mwanga, ati wantchito wa foni amapsereza anyezi. Koma apuyi anaisiya, chifukwa nayenso ali nayo, amathamangira pa lamba wa makina m'chipinda chozizira. Ilibe polembera mawu. Komabe m'mawa uliwonse ndiziona njira yako pa mapu, ndipo pali timanja towomba timene ndizidina kuti udziwe kuti ndaona. Zaka zinayi ndakhala ngati m'nyumba yopanda zenera, Obse. Tsopano ndizikuona.

Usazimitse kamoto. Yankho uwapatse mayi Zemzem akamabwera kudzapikula nsalu.

Mkulu wako,
Kulani


Asella, 25 Sepitembala

Achemwali,

Moni. Tonse tili bwino, msana wa amayi ukuyesako, barele wayamba kutulutsa ngala. Wotchi ndalandira, ndipo ndinalira mpaka amalume anandifunsa ngati m'phukusimo munali uthenga wa maliro.

Tsiku loyamba gulu lonse linandiunjirira. Talile, mnzanga wa pakamwa uja, akungonditchula kuti mayi a wotchi. Tikaima pang'ono amati, "Mayi a wotchi, tafunsani ngati lero kugwe mvula, ndayanika zovala."

Koma achemwali, chinthuchi sichigwirizana ndi nkhalango yathu. Mukudziwa mmene timathamangira: mzere umodzi, aliyense kuponda pamene waponda wapatsogolo pake, wotsogolera akukhotakhota pakati pa mabulugamu, akaona mwala akuliza zala kuti wam'mbuyo adziwe. Pansi pa mitengo wotchi imasokonezeka. Makona onse imadula, ndipo mapu ake amatuluka ngati matumbo a nkhuku. Tikamapita pang'onopang'ono, monga amafunira a kochi, imati ndikuyenda, n'kundipatsa timapointi tosadzaza chikhatho. Pamene pa mndandanda wa m'fonimo pali mtsikana wina wa ku Adama, mzere wake umakhala woongoka ngati chingwe cha magetsi, pa phula pokhapokha, ndipo tsiku limodzi amatola zimene ine ndimatola katatu. Lamlungu timapuma, ndiye kamoto kanga kazima kale kawiri.

Ndinawaonetsa a kochi Negewo. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti, "Ili ndi msongolo imeneyi?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye za miyendo ikuzidziwira kuti? Phula limadya fupa, mwana iwe. Kamodzi pa sabata, basi. Kuthamanga si kufika." Nditati achemwali anga akuti kamoto kasazime, anangoseka n'kunena kuti moto umene sufuna kuzima ndi umene umatentha nyumba.

Ndiye nditani? Ndikamvera a kochi, wotchi ikundilanga. Ndikamvera wotchi, ndichoka mu mzere. Timanja tanu ndimationa m'mawa uliwonse, ndipo ndimawaonetsa amayi. Iwo amawomba awo enieni, kuyesa mukumva.

Amayi akuti ngati kungatheke mutumizeko kangachepe ka shuga ndi khofi.

Ine wanu,
Obse


Dubai, 12 Okutobala

Obse,

Moni kwa nonse. Ya shuga ndawapatsa mayi Zemzem.

Kalata yako yandikwiyitsa, ndisakubisire. Dzina lako pa mndandanda ndimalifunafuna mpaka chala kutopa, uli kumunsi kwenikweni pamodzi ndi azimayi othamangira kuchepetsa mimba. Iwe amene unasiya atsikana onse a ku Asella pa mpikisano wa sukulu uja!

A Negewo ndimawalemekeza, koma usandiuze za iwo ngati sindiwadziwa. Ine ndinaponda m'mapazi a anzanga m'nkhalango imeneyo zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinapuma Lamlungu lililonse. Ndinadikira kuti tsiku lina munthu wa kalabu abwere adzandione. Mapazi amenewo anandifikitsa kuti? Pa sinki ya madamu, kutsuka mbale za galu wake. A Negewo akadali pomwepo ndi kapu yawo yothothoka ija, akuphunzitsa ana a eni kudikira.

Iwe khomo lakutsegukira, ndipo silitsegukanso kawiri. Kampani ija siifunsa kuti a Negewo akuti chiyani, imaona mapointi. Ngati mapointi ali pa phula, pita pa phula. Msewu wa ku Iteya ndi woongoka, wotchi siingasochere. Lamlungu dzuka m'mamawa, thamanga, samba, ukapemphere, Mulungu sadana ndi thukuta. Kupuma udzapuma ku Sululta.

Sindikunena izi mwankhanza, mwana wa amayi. Ndikadzuka nyumba yonse ili m'tulo, ndisanagwire tsache, ndimayamba ndaona foni. Ndikapeza kamoto kakuyaka, tsiku lonse madamu angalalate bwanji sindimva. Ndikapeza kazima, ndimazima nanenso. Sindifuna udzakwere ndege imene ndinakwera ine.

Mkulu wako,
Kulani


Asella, 30 Okutobala

Mwana wanga Kulani,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi amalume ako a Dhaba, ndipo ndawauza kuti alembe zanga zokha, zawo asunge. Uli bwanji kumeneko? Akukupatsa chakudya chokwanira anthu akowo? Ya shuga inafika, Mulungu akubwezere pamene wachotsapo.

Ndikufuna undimasulire za moto umene unamutumizira mng'ono wako. Chilandirire kalata yako, ku gulu anasiya. Amadzuka yekha, kupita yekha pa msewu wa malole, kubwera yekha. Kuno munthu wothamanga yekha anthu amamuyang'ana, ukudziwa. Ena akuti watukumuka ndi wotchi, ena akuti akubisa mankhwala. Talile anabwera kawiri kudzamutenga, anabwerera yekha.

A kochi Negewo anabwera Lachitatu. Ndinawakazingira khofi, anamwa makapu onse atatu, ndiye podzuka n'kuti, "Mayi, mwana uyu ndi wabwino kuposa onse amene ndagwirapo, kuphatikiza mkulu wake. Koma mwendo si tayala, sagula wina." Obse anali kuseri kwa chitseko, sanatuluke.

Madzulo ndikumamupeza ataviika mwendo wamanzere m'madzi amchere. Ndikalowa amauphimba ndi nsalu. Ndikafunsa akuti ndi minga. Ine ndabereka ana asanu, ndaika atatu, minga ndikuidziwa. Potsika pakhonde akumayamba ndi mwendo wamanja.

Tsono funso langa ndi ili: motowo sungaupemphe kuti umulole tsiku limodzi? Ngakhale ng'ombe yolima timaimasula goli.

(Ine malume wako ndikuwonjezera kuti wotchiyo ndinaiyesa tsiku lina mwini wake akusamba. Inandiuza kuti mtima wanga ndi wa munthu wokalamba. Zimenezo ndimazidziwa kale popanda kulipira.)

Mayi Zemzem akuti anyamuka sabata ya mawa. Uyankhe msanga.

Mayi ako


Dubai, 21 Novembala

Amayi,

Moni. Muli bwanji nonse? Ndikufunsa koma mtima suli m'malo. Papita mwezi ndi masabata ndisanalandire kalata ya aliyense. Mayi Zemzem sanaoneke, akuti katundu wawo anagwidwa pa bwalo la ndege ndipo akulimbana nazo kumeneko. Iyi ndapatsira mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe amene akubwerera kwawo ku Shashemene.

Poyamba zinthu zimayenda bwino. Obse anamvera, kamoto sikanazimenso, ndipo anakwera mpaka kufika pa nambala faifi. Ndinkavina ndekha m'bafa.

Koma amayi, masiku ano ndikuona zimene sindikuzimvetsa, kapena ndinene kuti ndikuzimvetsa koma sindikufuna. Ku msewu wa ku Iteya anasiya. Tsopano mzere wake ukumachoka pakhomo pathu, kudutsa kumsika, kukhotera kuseri kwa chigayo, n'kukathera pa mpanda wa malata uja. Liwiro lake ndi longokwanira kuti wotchi ivomere kuti wathamanga, kamoto kasazime. Akafika pamenepo kadontho kake kamaima nthawi yaitali, kenako wotchi imazimitsidwa. Njira yobwerera sindiiona. Tsiku lililonse chimodzimodzi.

Mpanda umenewo ndikuudziwa, amayi. Ndi mmene amachita lendi madalaivala a malole. Ndinakulira m'tauni imeneyo, sindine mlendo.

Ndiye ine ndikusenda manja ndi sopo wa eni kuno, iye akundinamiza ndi kamoto uku akupita kwa mwamuna? Anzake akumudutsa, watsikira pa nambala seveni. Timanja ndikudinabe kuti asadziwe kuti ndazindikira.

Mufunseni. Ngati akufuna banja anene, tileke kudzivutitsa. Koma mumuuze kuti akataya mwayi uwu chifukwa cha dalaivala, akazimitsa kamoto kaja, asadzanditchulenso achemwali.

Mwana wanu,
Kulani


Asella, 5 Disembala

Achemwali,

Moni, poti mwambo umatero.

Kalata yanu inafika amayi ali pa khofi ndi azimayi atatu oyandikana nafe. Amalume anayamba kuiwerenga mokweza monga amachitira, ndipo pamene amazindikira kumene ikulowera anali atafika kale pa madalaivala. Pano ndikadutsa kumsika anthu akumagwirana zigongono. Zikomo kwambiri.

Munandituma ku phula, ndinapita. Munati ndisiye mzere, ndinasiya, ndipo pano Talile akandiona amayang'ana kumbali. Munati Lamlungu ndizithamanga, ndathamanga ngakhale tsiku limene tinkakumbukira bambo. Kamoto kanu sikanazimenso. Chimene sindinakupatseni n'chiyani?

Kumene ndimapita simukufunika kukudziwa. Inu mumaona kadontho pa mapu n'kuyesa mwaona ine.

Koma mwanena zoona chinthu chimodzi, ndatsika. Ndiye kuyambira mawa ndibwerera pa msewu wa ku Iteya, mtunda wonse, liwiro lonse, mpaka pa 31. Amene ali pa nambala 3 sali patali. Ndimudutsa, ngakhale ndichite kukwawa. Pamenepo mudzanene nokha ngati ndili mng'ono wanu kapena ayi.

Obse


Asella, 5 Disembala

Kulani,

Ndine mayi ako. Moni ndikupatsa wochepa lero. Amalume ako alemba zimene ndinene, ndipo ulendo uno sawonjezera kanthu, pakamwa pawo pachita zokwanira.

Mu mpanda wa malata uja madalaivala anachokamo chaka chatha. Mukukhala a Hirpo, owongola mafupa aja ankakhala kuphiri. Ndi kumene mng'ono wako amapita. Inenso sindinkadziwa. Mphekesera zitawafika, a Hirpo anabwera okha pakhomo pano ndi ndodo yawo, nkhalamba ya zaka zimene zija, kudzandiuza kuti ndisamuganizire zoipa mwana.

Anati, "Mayi, ine ndawongola miyendo ya anthu ndi ya mahatchi, koma wodwala wobwera kwa ine akuthamanga ndamuona uyu yekha. Ndikamufunsa chifukwa chake akuti akayenda wotchi siwerengera." Amamusisita ndi batala, kumumanga, n'kumukweza ngolo ya hatchi pobwerera chifukwa sangathenso kuponda. Wotchi amaizimitsa kuti iwe usaone ngoloyo. A Hirpo akuti fupa la msongolo lili ndi mng'alu, alimva ndi chala, ndipo si la iwo ayi, ndi la kuchipatala. Akuti akapitiriza lidzathyokera pa msewu ngati phesi.

Ndinamuvula nsalu ija mokakamiza. Kulani, mwendo wa mwana wanga watupa, ukuwala, ukutentha ngati chiwaya chophikira injera, mkate wathu uja. Ndinabisa wotchi m'thumba la ufa wa tefu. Anagubuduza nyumba yonse, kenako anandigwadira, akuti, "Amayi, kakazima kamoto achemwali adzafera m'khitchini ya eni. Ndikapita ku Sululta ndidzawabweza kuno." Ndinamupatsa. Unditcha wopusa, koma sunamuone nkhope.

Kuchipatala wakana, akuti akamuika chikhakha. A kochi wawakana. Ine wandikana. Akumva iwe wekha ndi moto wakowo, ndipo chifukwa cha kalata yako mawa akubwerera ku msewu wa malole.

Kalata yanga ya Okutobala ikadali m'chikwama cha mayi Zemzem. Akuti zawo zatheka, anyamuka masiku akubwerawa ndi zonse zitatu. Sindikudziwa ngati mwendowu udikire.

Unayatsa ndiwe. Uone chochita.

Mayi ako


Dubai, 15 Disembala

Obse, mng'ono wanga,

Makalata atatu andipeza lero nthawi imodzi. Mayi Zemzem anandipatsira pa geti ndikutaya zinyalala.

M'mawa uno, ndisanawalandire, ndinaona mzere wako wa ku Iteya. Wautali, woongoka, koma ukuima kanayi panjira. Ndinati mwana wabwerera m'nzeru, n'kudina timanja. Masiku onsewa ndakhala ndikudina. Iwe ukuthamanga pa fupa long'aluka, ine ndikuwomba m'manja.

Za mpanda wa malata sindikudziwa ndiyambire pati. Ndakuipitsira dzina m'tauni imene ine sindikhalamo. Ukhululuke ngati ungathe, ngati sungathe ndimva.

Koma imeneyo idikire. Ndinapita kwa madamu, ndinagwada, ndinati mundibwereke foni ndiimbe kwathu mphindi ziwiri zokha, mng'ono wanga akudwala. Anati nonsenu mumakhala ndi mng'ono wodwala, udzaimba kumapeto kwa mwezi. Ndinathamangira mayi Zemzem, akuti abwerera chaka chatsopano chikalowa. Ndiye kuti kalata inoyi ikupeza mpikisano utatha. Ndaona pa mndandanda, uli pa nambala folo, ndipo ndikukudziwa, suima. Ndikangosiya kudina timanja uyesa ndikadakwiya, uwonjezera liwiro.

Ndinakhala pansi m'chipinda chochapira, makina akuzungulira, ndikuganiza kuti ndili ndi chiyani chimene chingafike ku Asella lero lomwe. Ndili ndi chinthu chimodzi chokha. Nambala yachinsinsi ija.

Ndafufuta zonse, Obse. Dzina lako, mapointi ako, kamoto, mizere yonse ya miyezi itatu. Foni inandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, inati zikapita sizibwereranso. Ndinavomera kawiri konse. Mawa ukadzuka upeza mulibe kanthu, ndipo sudziwa chifukwa chake mpaka Januwale.

Ndikudziwa chimene ndakulanda. Unatsala pang'ono, ndipo unachigula ndi fupa lako. Udana nane. Koma udane nane uli ndi miyendo iwiri.

Za kundibweza kuno uziiwale. Amene anakwera ndege ndine, ndidzatsika ndekha. Pita kuchipatala.

Kulani


Asella, 23 Disembala

Mwana wanga Kulani,

Moni. Sindikudziwa ngati makalata athu anakupeza, ndiye ndingokuuza zimene zachitika. Iyi tapatsira mwana wa a Hirpo amene akupita kumeneko kukagwira ntchito ya zomangamanga.

Lachiwiri lapitalo Obse anadzuka monga mwa masiku onse, kumanga mwendo, kuvala nsapato uku akuluma mlomo. Ndinamva kukuwa. Ndinathamanga kuyesa fupa lija lathyoka. Ndinamupeza pakhonde atagwira foni, akuti, "Andichotsa! Amayi, andichotsa!" Anapita nayo kwa wokonza mafoni kumsika. Anamuuza kuti sichinawonongeke chilichonse, wafufuta ndi mwini nambala.

Anabwerera kunyumba. Anati, "Ndi achemwali. Andilanga chifukwa cha mwamuna amene kulibe." Ndinati mwina si choncho. Anati, "Ndiye n'chiyani?" Nanenso sindikudziwa mtima umene unachitira. Anavula nsapato n'kukagona choyang'ana kukhoma, masiku awiri osadya. Ngakhale beso, chakudya cha ufa wa barele chimene amachikonda chija, anangochiyang'ana.

Tsiku lachitatu ndinapita ndekha ku nkhalango kukawadikira a kochi. Sanandifunse zambiri. Anabwera ndi gulu lonse, thukuta lili kamukamu. Talile analowa m'chipinda n'kunena kuti, "Mayi a wotchi, dzukani, galimoto yanu yafika." Obse anatukwana, koma anamunyamula atsikana anayi mpaka pa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja.

Anamujambula mwendo. Adokotala anandionetsa chithunzicho pawindo, kamzere kakuda kodutsa pafupifupi fupa lonse, kotsala pang'ono ngati chikhadabo. Anafunsa kuti anasiya liti kuthamanga. Nditawauza, anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Amuika chikhakha mpaka m'bondo. Ndinafunsa ngati adzathamangenso. Akuti tidzaona chikachoka.

Dzina lako salitchula. Wotchi anaipereka kwa amalume ako, akuyenda nayo m'tauni muno ngati nduna.

Ngati unachita ndi mkwiyo, Mulungu wagwiritsa ntchito mkwiyo wako. Ngati unachita ndi chifundo, lemba umuuze, chifukwa ine ndatopa kukhala pakati pa ana awiri.

Mayi ako


Asella, 10 Febuluwale

Achemwali,

Moni. Muli bwanji? Amayi ali bwino, barele tinakolola, amalume akuti ndikuuzeni kuti mtima wawo ukadali wokalamba.

Kalata yanu ya Disembala inafika pakati pa Januwale. Ndinaiwerenga n'kuiponya pansi pa bedi. Patapita masiku ndinaikoka ndi ndodo yanga n'kuiwerenganso. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndilembe zoona, ndipo zoona zake zimasinthasintha.

Mtsikana wa ku Adama uja ali ku Sululta. Ndinaona chithunzi chake atavala nsapato zatsopano, ndinalira tsiku lonse. Ndikanamudutsa wa nambala 3 uja, achemwali, ndikudziwa. Adokotala akuti ndikanathyokera panjira sabata isanathe. Mwina onse awiri tikunena zoona. Za kumsika zija anthu ayamba kuiwala, koma ine sindinaiwale, ndiye musayembekezere kuti ndinene kuti zonse zatha. Zina zatha.

Chikhakha anachotsa Lachisanu. Mwendo watuluka wowonda ngati wa nkhuku, Talile akuti tiuphike msuzi. Akuti fupa lagwirana. Kuthamanga ayi, mpaka mvula ikadzayamba, ndipo akuti ndidzayambire pa dothi lofewa. Kuyenda andilola pang'ono.

Dzulo ndinapita ku nkhalango ndi ndodo yanga, kungofuna kununkhiza mabulugamu. Ndinakhala pa chitsa kuti ndiwaone akamadutsa. A kochi atandiona anaimitsa gulu lonse n'kunena kuti, "Lero atsogolera Obse." Ndinayesa akundiseka. Sanaseke. Ndinaimirira, ndinayamba kutsimphina, ndipo atsikana onse aja anandandalika pambuyo panga, aliyense kuponda pamene ndaponda. Ena mwa iwo amapambana mipikisano ku Addis, koma palibe anandidutsa. Nditaona muzu ndinaliza zala, ndinamva zala zikulira mpaka kumapeto kwa mzere. Wotchi ikanati sitinachite kanthu.

Mayi Zemzem anandiuza chinthu chimene inu simunalembe. Akuti m'mawa uliwonse mumatsegulabe foni musanagwire tsache, n'kumayang'ana pamene panali dzina langa. Ine ndinkangowerenga zimene munandilanda. Sindinaganize kuti zenera lija linali lanu, limodzi lokhalo, ndipo munalitseka ndi dzanja lanu.

Ndiye tembenuzani pepalali. Kuseriko ndajambula ndi cholembera njira imene tinayenda dzulo. Poyambira ndi pa chitsa, pamene pali kamtanda ndi pamene ndinapuma, ndipo makona onse alipo, sindinadule ngakhale imodzi. Ndizikutumizirani ina ulendo uliwonse wa mayi Zemzem, masiku opuma ndizisiya pepala loyera.

Timanja todina palibe. Muwombe enieniwo, madamu amve.

Mng'ono wanu,
Obse